Chipilala Chimene Ndinagumula Ndekha

Ana anga, kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Phalula kuli chipilala cha simenti chofika m'chiuno, chimene amayi anu amayanikapo mbale ndipo nkhuku zimakwerapo masana. Mwakhala mukundiseka kuti bambo anadzimangira chiliza asanamwalire. Sekani ndithu, koma werengani mutu uwu mpaka kumapeto, chifukwa chipilala chimenecho ndi chachiwiri. Choyamba ndinachimanga ku Ngokwe ndili mnyamata, ndipo ndinachigumula ndi manja angawa. Mpaka lero ndikakumbukira munthu amene anandichititsa zimenezo mtima umandiwira, ngakhale adokotala anandiletsa kupsa mtima.

Ngokwe, chaka choyamba cha ntchito

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku sekondale ina yoyendera kufupi ndi Ngokwe kuti ndikaphunzitse sayansi. Ndinafika pa lole yokatenga thonje, ndili ndi sutikesi ndi mphasa basi. Sayansi ya kumeneko inali ya pakamwa. Labotale kunalibe, magetsi kunalibe, buku linali limodzi ndipo chikuto chake chinali chitadyedwa ndi makoswe. Ndinkajambula botolo pa bolodi n'kuwauza ana kuti aziganiza kuti muli asidi. Tsiku lina ndikuphunzitsa folomu 2 ndinanena kuti kumwezi kuli mapiri ndi maenje, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Mtsikana wina anaimirira n'kufunsa mwaulemu ngati ndinapitako. Zinandiwawa, ndipo m'kuwawidwa momwemo ndinawalonjeza kuti asanatuluke sukulu adzaona okha ndi maso awo, ndipo chithunzi cha mwezi tidzajambula tokha n'kuchipachika m'kalasimo.

Sindinalonjeze mwachisawawa. Ndinali nditamva kuti wansembe wina wachizungu, amene ankabwerera kwawo atakalamba, ali ndi telesikopu, chipangizo chonga mpope chokhala ndi magalasi, choonera zakumwamba. Ndinapalasa njinga mpaka ku mishoni kukapempha, ndipo anandipatsa ndi mtima umodzi. Koma anandiuza kuti miyendo yake yeniyeni inathyoka kalekale. Imene anandipatsa inali miyendo itatu ya kamera, yopyapyala ngati mabango. Anati galasilo ndi labwino, koma ndisayembekezere zambiri ndisanapeze pokhazika polimba. Ine chifukwa cha chisangalalo mawu amenewo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Mphunzitsi wamkulu pasukulupo anali a Chimwaza, munthu womanga tayi ngakhale mu Okutobala, wokonda penti kuposa ana. Chilichonse cha pasukulu ankachilemba nambala: madesiki, ndowa, makasu, ngakhale mpando wa mlonda. Telesikopu ija inalandira nambala yake tsiku lomwe inafika, ine ndisanaipukute ndi fumbi lomwe. Alendo akabwera kuchokera ku boma ankaiimika mu ofesi mwawo, italoza kudenga la malata, n'kumafotokoza kuti pasukulu pano sayansi yapita patsogolo. Iwo eni sanaikemo diso ngakhale kamodzi.

Kamera ndinalibe, ndiye ndinagwirizana ndi che Saidi, wojambula zithunzi wa pamsika, amene ankayendayenda pa njinga kujambula maukwati. Tinkamangirira kamera yawo kukamwa kwa telesikopu ndi malegeni, dzuwa likangolowa. Apa m'pamene ndinadziwa zimene wansembe uja ankanena. Telesikopu imakulitsa mwezi, koma imakulitsanso kunjenjemera kulikonse. Kugwedera kochepa kumene diso silingaone pa miyendo, m'galasi kumaoneka ngati dziko likugwa. Mphepo ya ku nyanja ya Chiuta ikayamba madzulo, mwezi unkavina m'galasimo mpaka kutulukamo. Mphepo ikaleka, chala chokha chodina kamera chinkakwanira kuononga zonse. Filimu inkapita kukatsukidwa ku Zomba, tinkadikira masabata, ndipo zobwerazo zinali mwezi wonga dzira limene lagwa pansi. Ulendo wachitatu che Saidi anayang'ana zithunzizo n'kupukusa mutu.

"Ngwamba, iyayi, aphunzitsi. Mkwatibwi akamatekeseka ndimamuuza kuti aime, amaima. Miyendo yanuyi ndiiuze chiyani?"

Ndinayesa zonse zimene munthu wosauka angayese. Ndinapachika thumba la mchenga pakati pa miyendoyo, ndipo mwendo umodzi unapindika. Ndinaikwirira m'dothi, inangomira mbali imodzi. Ndinabwereka mtondo wakale n'kuuzondotsa, zinakhalako bwino, koma chiswe chinaupeza ndipo mwini wake anabwera kudzautenga akunyinyirika. Chitsa cha mtengo chinali cholimba, koma chinali pakati pa mitengo ya mango imene inkaphimba kumwamba. Pomaliza ndinazindikira kuti chofunika ndi chinthu cholemera, chachifupi, chosakhala cha mtengo, chomera m'nthaka yosagwedezeka, ndipo pamwamba pake pakhale chitsulo chozungulira bwino koma chotheka kumanga nji.

Ngokwe, chilimwe cha chaka chachitatu

Ana ndinawalonjeza aja anali atafika folomu 4, ndipo ena anali atayamba kundifunsa monyodola kuti mapiri aja afika pati. Kum'mawa kwa bwalo la mpira kunali munda, ndipo pakati pa mundawo panali thanthwe losamera kanthu, popanda mtengo pafupi. Malo abwino kuposa amenewo panalibe. Mundawo unali wa mayi Anjelina, mayi wamasiye amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, wolera adzukulu ndi chimanga cha m'munda womwewo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, monga anachitira agogo anga, koma iwo anabadwira pomwepo ndipo manda a amuna awo anali pomwepo. Ndinapita kwawo m'mawa, ndinawapatsa moni wa Chilomwe wakuti moseliwa, n'kufotokoza pempho langa. Anaseka kwambiri kuti munthu wophunzira akufuna mwala.

"Pathanthwepo sipamera kanthu, mwana wanga. Mangani. Kungoti ana anuwo asamandipondere mizere."

Simenti inali yotsala pomanga zimbudzi, ndipo a Chimwaza anavomera kuti ndiitenge. Miyala anatuta ana. Kwa makaniko wina ku Ntaja ndinapeza chitsulo chozungulira cha mabuleki a lole, cholemera moti ndinachita kuchikankha pa njinga. Ndinakumba m'mphepete mwa thanthwe mpaka ndinagunda mwala pansi, ndinaikamo nthambo za chitsulo, ndinathira konkire, chitsulo chija n'kuchikhazika pamwamba. Ndinamanga ngati munthu amene watopa ndi zinthu zogwedera. Popeza konkire imafuna nthawi kuti ikhwime, ndinaiphimba ndi udzu, n'kunyamuka ndi amayi anu kupita kumudzi ku tchuthi. Nthawiyo anali ndi pakati pa iwe, Chisomo.

Pobwerera ndinaona kuti anthu a pamsika akundiyankha moni mozizira. Lamulungu ku tchalitchi benchi imene ndinakhalapo inatsala yanga ndekha. Potuluka ndinamva wina kumbuyo akuti wopima malo uja wabwera. Ndinathamangira kumunda. Chipilala changa chinali chitapakidwa penti woyera mbee, chitalembedwa nambala yakuda, ndipo kuchokera pakona ya bwalo la mpira mpaka pachipilalapo panali zikhomo ndi chingwe. Theka la munda wa mayi Anjelina linali mkati mwa chingwecho.

Kuti mumvetse mantha a anthu, kumbukirani kuti Ngokwe ali kufupi ndi malire a dziko. Anthu kumeneko anawaonapo opima malo: amabwera ndi chipangizo cha miyendo itatu, amasuzumiramo, kenako pamatsala chipilala choyera cha nambala, chimene aliyense amadziwa kuti ukachizula umamangidwa. Komanso zinali zaka zimene othawa nkhondo ankabwezedwa kwawo pa malole, ndipo munthu wolankhula Chilomwe pakhomo pake, ngakhale anabadwira konkuno, ankatha kufunsidwa kuti kwanu kwenikweni n'kuti. Tsono anthu anandiona zaka ziwiri ndikusuzumira m'mpope wa miyendo itatu, kenako anaona chipilala choyera cha nambala. Sindingawanene kuti anali opusa. Aliyense akanaganiza chimodzimodzi.

Ndinalowa mu ofesi ya a Chimwaza osagogoda, n'kuwafunsa kuti nambala ija ailemberanji pa chipilala changa.

"Chanu?" anatero, osadzutsa ndi mutu womwe. "Simenti ndi ya sukulu. Miyala anatuta ana a sukulu. Inu ndinu wantchito wa boma. Chimene chaima apocho ndi katundu wa boma, ndipo katundu wa boma saima m'munda wa munthu. Ndiye kuti pamene chaimapo ndi pamalo a sukulu."

Ndinawauza kuti malowo ndinachita kupempha, ndipo mayiwo anandipatsa mwa chifundo chawo. Anayankha kuti sukulu ikufunika munda wophunzitsira za ulimi, ndipo anthu obwera aziyamika kuti asiyiridwako theka. Mawu akuti anthu obwera anawanena akundiyang'ana m'maso, akudziwa bwino lomwe kumene agogo anga anachokera. Munda wa sukulu ndinkaudziwanso: kamunda kamene kanalipo kale kankalimidwa ndi ana a chilango, chimanga chake n'kumathera m'nkhokwe ya kunyumba kwa ahedi. Ndikutuluka anandiponyera mawu omaliza, akuti ndikangokhudza chipilalacho ndaononga katundu wa boma, ndipo ntchito ndiiiwale.

Komiti ya sukulu inakumana, ine n'kufotokoza kuti chimenecho ndi pokhazika telesikopu basi. Ankandimvera akuyang'ana pansi. Amfumu amene anagawa malowo anali atamwalira, ndipo amene analowa m'malo mwawo anati nkhani ya nambala ndi ya boma, iwo sangaiyambe. Abambo akuluakulu, olimba mtima pa maliro ndi pa milandu, anagonja ndi penti wa m'chitini. Mvula inali pafupi, anthu ankagalauza, ndipo mayi Anjelina ankaopa kulowetsa khasu mkati mwa chingwe. Akanapanda kubzala chaka chimenecho, ana a chilango akanabzala, ndipo munda ukanapita mpaka kalekale. M'dera lonselo munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa mopanda chikayiko kuti chipilalacho si cha opima malo, ndipo munthuyo anali ine.

Amayi anu sanandiuze chochita. Anangonena kuti mwana akubwera ndipo ntchito njofunika, koma iwo sangapirire kukhala benchi yawoyawo m'tchalitchi moyo wonse. Ndinapita kwa mayi Anjelina. Sanandiyalire mphasa, ndipo mawu akuti mwana wanga anali atatha.

"Munabwera ndi ulemu, aphunzitsi," anatero. "Akuba ena amabwera tikugona. Inu munabwera masana, ndi odi."

Ndakhala ndikunyozedwa ndi mabwana ambiri pa moyo wanga, koma palibe mawu amene anandilasa ngati amenewo. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti madzulo abwere pathanthwepo adzaone ntchito ya chipilalacho, ndipo m'mawa mwake ndidzachichotsa.

Kiyi wa kabati ya sayansi ndinali ndikadali naye. Dzuwa likupendeka ndinanyamula telesikopu, ndinaitana ana a folomu 4, n'kuimangirira pa chitsulo chija koyamba. Mwezi unali theka, utakwera kale kumwamba kusanade. Che Saidi anali ku ukwati kutali, ndiye kamera panalibe. Mphepo ya ku Chiuta inayamba monga mwa masiku onse, malaya akuchita kupepeluka, ine n'kuikamo diso. Mwezi unali phee. Maenje ankaoneka lililonse palokha, mapiri ali ndi mithunzi yawo, popanda chogwedera. Zaka ziwiri za kuvutika zinathera pamenepo, ndipo kunena zoona ndinalakalaka kubweza mawu amene ndinawauza mayi aja. Ana anafola n'kumasuzumira mmodzimmodzi. Mtsikana anandifunsa uja anabwereranso kumbuyo kwa mzere kuti aonenso. Mayi Anjelina anali omaliza. Anapukuta manja pa chitenje, anawerama, ndipo anakhalitsa.

"Kumeneku kulima ndani?"

Ndinawayankha kuti kulibe munthu.

"Malo onsewa angokhala? Nanga ahedi osapita kukapima kumeneko bwanji?"

M'mawa mwake ndinabwereka hamala yaikulu n'kuyamba kugumula. Anthu anaima patali, palibe anasendera, poopa kuti apolisi akabwera awawerengera limodzi. A Chimwaza anaima pakona ya bwalo la mpira, manja kumbuyo, tayi ali m'khosi. Nditagwetsa cha pamwamba ndinaponya hamala pansi kuti ndatha, koma mayi Anjelina anakana.

"Iyayi, zulani ndi mizu yomwe. Chotsala pansi chidzalankhula inu mutachoka."

Apa ndinatukwana luso langa lomwe. Ndinali nditamanga kuti chisadzagwedezeke, ndipo sichinkafuna kugwedezeka. Ndinakumba masiku angapo, manja anachita matuza mpaka kuphulika. Tsiku lachiwiri, ataona kuti apolisi sakubwera, achibale a mayiwo anabwera ndi mapiki awo. Zidutswa zonse tinakataya kudambo, zikhomo tinazula, ndipo mvula yoyamba itagwa mayi Anjelina anabzala mpaka m'mphepete mwa bwalo la mpira.

Ulongwe, zaka zotsatira

Ntchito sanandichotse, koma teremu isanathe ndinalandira kalata yondisamutsira ku Ulongwe, ndipo mbiri yakuti ndinaononga katundu wa boma inanditsogolera. Iwe Chisomo unabadwira m'kanyumba kodontha kuseri kwa msika, ma minibasi akuimba mahutala pakhomo. Anzanga amene tinayamba limodzi anakwezedwa, ena kawiri, ine ndili pomwepo. Nthawi iliyonse dzina langa likafika pa tebulo, wina ankakumbukira za mphunzitsi wa hamala uja. A Chimwaza ndiwo anakwezedwa mpaka kukakhala ku ofesi ya boma, kumene ndikukhulupirira kuti anapeza zinthu zambiri zolemba manambala.

Telesikopu inatsala ku Ngokwe. Ndinaipempha ndekha, ndinainyamula ndekha pa njinga, koma inali ndi nambala. Ndinadandaula kwa mabwana osiyanasiyana kuti aitumize ku Ulongwe kumene kuli munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito, ndipo yankho linali limodzimodzi, lakuti katundu sasamuka ndi mphunzitsi. Ndinabwerera ku sayansi ya choko. Magulu ndi magulu a ana anadutsa m'manja mwanga akumva za mapiri a kumwezi ngati nthano, ndipo sindinalonjezenso mwana aliyense kanthu.

Patapita zaka zambiri ananditumiza ku sukulu yomwe ija kukayang'anira mayeso. Ndinapempha kuona m'sitolo. Telesikopu inali pansi pa madesiki othyoka, galasi litachita nkhungu, mavu atamanga chisa mumpope. Miyendo itatu ija ankaimikirapo bolodi. Chinthu chokha chimene chinali chikadali chowala ndi nambala ija. Ndinatuluka ndisanalankhule zoipa pamaso pa ana, n'kulowera kum'mawa kwa bwalo. Chimanga chinali chitaima mpaka m'mphepete mwa bwalo la mpira. Mayi Anjelina anali atamwalira, koma mdzukulu wawo wamkazi, amene ankalima mundawo, anandizindikira. Anandionetsa chitsulo cha mabuleki chija, chimene nkhuku zinkamweramo madzi, n'kunena kuti agogo anasiya mawu akuti mwini wake akadzabwera adzamupatse. Ndinakwera nacho minibasi, kondakitala akudandaula njira yonse kuti chikumuphwanyira mpando.

Phalula, nditapuma ntchito

Zotsalazo mukuzidziwa. Iwe Chisomo unandigulira katelesikopu ku Joni nditapuma ntchito, ndipo unakhumudwa nditaponya miyendo yake pakona. Usadandaule, galasi lake ndi labwino. Kungoti ogulitsawo sanasinthe: amakometsa mpope, n'kuikapo miyendo yoti ngakhale mwana wa mbuzi angaigwetse. Mdzukulu wanga aliyense amene adzafune kujambula zakumwamba ayambe wafunsa za pokhazika, za galasi pambuyo. Agogode mpope ndi chala akuyang'ana m'galasi, ndipo mwezi ukapitiriza kuvina chala chitachoka, asagule.

Kuno malole a pa msewu waukulu amagwedeza nthaka, n'chifukwa chake chipilala ndinachiika kuseri, kutali ndi msewu, ndipo ndinakumba mozama. Pamwamba pake pali chitsulo cha ku Ngokwe. Ndisanakumbe ndinaitana anansi a mbali zonse, amayi anu anawaphikira tiyi, tinayendera limodzi malire, ndipo ndinawauza aliyense payekha kuti chimene ndikumangachi si cha opima malo. Anaseka, koma ine sindinaseke. Penti sindinapake ndipo sindidzapaka. Chithunzi cha mwezi chimene chili pabalaza ndinachijambula ndi foni pachipilala chimenecho, maenje onse akuoneka. Ndicho chimene chinayenera kupachikidwa m'kalasi ku Ngokwe, koma ana ndinawalonjeza aja tsopano ali ndi imvi, ndipo ena tinawaika kale.

Tsono pempho langa ndi ili. Ine ndikadzapita, chipilalacho musadzachisunge ngati chikumbutso, ngakhale amayi anu atanena kuti alibe poyanika mbale. Chaima pafupi ndi malire a anansi athu, ndipo anthu onga a Chimwaza sanathe m'dziko muno, penti nayenso akadagulitsidwa. Chitsulocho mudzachotse, mudzapatse nkhuku. Chotsalacho mudzagumule, ndipo musadzalekere pamwamba. Hamala ili m'sitolo, kuseri kwa chitseko. Mudzavutika nacho chifukwa ndinamanga cholimba, koma mudzazule ndi mizu yomwe.